Chitsulo cha m'munda wa nshawa

Okondedwa amalume,

Muli bwanji ku Kitweko? Kuno ku Zemba tili bwino, chifuwa cha amayi chinaleka.

Koma ine ndikuyenda chowerama. Anthu oyeza nthaka anazika chitsulo m'munda mwanga, m'munsi mwa phiri, choti kandege kawo kopanda woyendetsa kaziyezerapo ngati nthaka ikusuntha. Polima ndi ng'ombe chinanditchinga, ndiye ndinachizula n'kukachizika kumalire. Kandege katabweranso n'kupeza kuti chitsulocho chasuntha, iwo anachenjeza kuti mwina phiri likutsetsereka. A Banda, oyandikana nafe aja, anasasula malata a nyumba yawo kuti asamuke.

Nditaulula pamsonkhano wa m'mudzi kuti ndine ndinasuntha chitsulocho, a Banda sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Mvula ya dzana ija, inu munagona pouma?"

Chonde nditumizireni misomali ya malata, ndikawakhomere a Banda denga lawo ndekha. Mulungu akusungeni.

Ine muphwa wanu,
Yotamu