Khofi Wosapsa wa Amalume

Okondedwa Amalume a Gachanja,

Ndikhulupirira kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno ku Nairobi ndili bwino. Aphunzitsi anga akuti ndege ndimaitsitsa mofatsa ngati ndikugoneka khanda.

Kungoti lamulo sililola wophunzira kuuluka yekha dokotala asanamuyeze maso. Lachiwiri anandiyatsira timagetsi, ati nditchule tofiira ndi tobiriwira. Nditayankha anangoti, "Mwana wanga, udzabwerenso."

Amalume, mukukumbuka mmene tinkakusekerani mukathyola khofi wosapsa, wobiriwira, inu n'kumalumbira kuti ndi wofiira? Ine ndinkangoseka nawo poona anzanga akuseka. M'dengu mwanumo sindinkaona cholakwika chilichonse. Zikuoneka kuti maso anga ali ngati anu.

Amayi musawauze kaye. Ndamva kuti ndege ikamadutsa amasiya khasu n'kumaibayibitsa.

Ndine muphwa wanu,
Murage