Mawu amene ndinafunsira mbeta mulibe mufilimu muja

Aphungu,

Ndine bambo wapabanja, ndipo ndimagwira ntchito yoyeza magazi kulabu ya chipatala china kuno ku Nsanje. Ndatchula ntchito yanga kuti mudziwe kuti ndine munthu wosakhulupirira chinthu ndisanachione kawiri. Ndikakhoma chitseko ndimabwerera kukachigwedeza. Ndiye mumvetse manyazi anga, chifukwa chinthu chachikulu pa moyo wanga ndinangochilandira osachiyeza.

Ndili mnyamata ku Nchalo, kuseri kwa msika kunali vidiyo sho yomangidwa ndi mphasa ndi masaka. Mkati munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, mabenchi anali ndi nsikidzi, ndipo anthu odula nzimbe ankalowa ndi mwaye wawo kuchokera kumunda. Mafilimu ambiri anali omenyana, koma panali imodzi imene inanditenga mtima. Pabolodi ankangoilemba ndi choko kuti "Mwana wa Mfumu Wapenga ndi Chikondi".

Inali nkhani ya kudziko lina lozizira. Makolo a mnyamatayo ankamubweretsera ana aakazi a mafumu anzawo kuti asankhepo, iye n'kumabisala pansi pa tebulo la phwando. Tsiku lina anathawa kunyumba yachifumu atavala jekete la mlonda, nsapato n'kumuthyokera pamsika, ndipo amene anamusokera anali mtsikana wosaseka ndi makasitomala. Kuyambira pamenepo mwana wa mfumu ankang'amba dala nsapato zake m'mawa uliwonse kuti apeze chopitira. Zake zitatha anayamba kung'amba za bambo ake. Pali malo ena pamene mfumu ikulandira alendo chala chili panja. Aphungu, tinkaseka mpaka mphasa kugwedezeka. Ngakhale amuna a zikwanje aja ankakhala chete pofika kumapeto, wina n'kumanamizira utsi wa jenereta kuti ndi umene ukumuliza.

Chingerezi nthawi imeneyo tinkachimva mwa apo ndi apo. Ndiye panali bambo wina, a Lorenso, amene ankakhala pambali pa TV ndi maikolofoni. Ankatsitsa mawu a filimu, iwo n'kumatiuza m'Chichewa chosakaniza ndi Chisena zimene anthuwo akunena. Chakumapeto, awiri aja amaima pamlatho kukuzizira, mwana wa mfumu n'kumugwira dzanja mtsikanayo. Pamenepo a Lorenso ankafewetsa mawu n'kunena kuti: "Ine bwato ndilibe. Koma madzi akadzabwera ndidzakusenza pamutu ngati thumba la mapira, ndipo sindidzakutula mpaka pamtunda. Dzuwa la Okutobala likadzakula, mthunzi wako ndidzakhala ine. Ukadzatopa nane udzanditume kumsika, ndidzabwerabe."

Ndinawaloweza pamtima mawu amenewo. Ndikudziwa chimene mukuganiza. Munthu wa kudziko lozizira angalidziwe bwanji thumba la mapira ndi dzuwa la Okutobala? Funso limeneli landibwerera mwezi uno, nditapita kale kukoleji, nditakwatira, nditamera imvi.

Mkazi wanga Ella ndi mphunzitsi wa kupulayimale. Tsiku limene ndinamufunsira tinali padepoti ku Bangula, tikudikira kuti minibasi idzaze. Ndinali nditakonza mawu anga bwinobwino, koma atangondiyang'ana onse anauluka, m'kamwa n'kutuluka a pamlatho aja. Kondakitala anasiya kuitanira n'kumamvetsera. Ella atavomera, ndinamuuza tsiku lomwelo kuti mawuwo ndi a mwana wa mfumu wa mufilimu, chifukwa sindinafune kuyamba banja ndi katundu wobisa. Anayankha kuti, "Mwana wa mfumuyo ndi wanzeru. Mukadzaipeza filimuyo mudzandionetse, ndikufuna ndidzamve akunena yekha."

Mawu aja anasanduka a pabanja pathu. Mkazi wanga akandituma kumsika, mwana wathu Thokozani amati, "Pitani adadi, mubwerabe." Chaka chimene madzi analowa m'nyumba mwathu, ine ndinasenza chikwama cha masatifiketi, mayi a Thoko akuyenda pambuyo panga madzi ali m'chiuno. Titafika pamtunda anandifunsa kuti, "Bambo a Thoko, thumba la mapira lija lafika lokha, mulilandire?" Nkhani imeneyo amaikamba mpaka lero alendo akabwera. Ine sindiseka kwambiri.

Filimuyo ndinaifunafuna zaka zambiri osaipeza, poti dzina lake lenileni sindinkalidziwa. Mwezi watha ndinafotokozera mnzanga wa kuntchito, Alick, za mfumu ya chala panja, iye anaizindikira n'kundiikira pa fulashi. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Chifukwa cha chisangalalo ndinauza mayi a Thoko ndisanaionere. Iwo sanachedwe. Akonza zoti tidzaionere kumapeto kwa mwezi uno pokumbukira tsiku la ukwati wathu. Aitana aziphunzitsi anzawo, alamu anga ochokera kwa Kasisi ndi amayi a kumpingo. Abwereka makina oonetsera pakhoma, achapa kale nsalu yoyera yoti tidzapachike. Aliyense akumuuza kuti abwere adzamve mawu amene anawagwetsa.

Lamlungu masana, iwo ali kumsonkhano wa amayi, ndinati ndiyese ngati fulashiyo ikugwira. Ndivomereze kuti filimuyo sinakalambe. Ndinaseka ndekha ngati kale, ndipo ndinaona zina zimene ndili mnyamata sindinkaziona, monga mmene mtsikana uja amabisira kumwetulira posoka, kusonyeza kuti anadziwa kalekale kuti nsapatozo zikung'ambidwa dala. Ndinamva ngati ndakhalanso pabenchi paja. Kenaka anafika pamlatho, ndinakweza mawu.

Aphungu, mwana wa mfumu akudandaula kuti phazi lake lanyowa. Akuchita chibwibwi, akunena kuti panali china chimene amafuna kunena koma chamuthawa. Mtsikanayo akumuuza kuti avule nsapatoyo aione. Basi, akukumbatirana, nyimbo n'kuyamba. Mulibe bwato, mulibe mapira, mulibe msika. Ndinabweza kangapo. Ndinafunsa Alick ngati pali ina yaitali imene sanaidule, iye anati filimuyo ndi yomweyo dziko lonse.

Ndinafufuza nambala ya a Lorenso. Masiku ano amagulitsa zitenje kumalire ku Marka. Nditawaimbira n'kuwafunsa anaseka mpaka kutsokomola.

"Bwana, inu munkaganiza kuti Chingerezi ndinkachimva ine? Ndinkangoona nkhope. Akakwinya ndiye wakwiya, akagwira pamtima ndiye chikondi."

"Nanga za thumba la mapira zija?"

"Amenewo ndi anga. Benchi yachiwiri kunkakhala mtsikana wogulitsa mtedza, Jenipher. Pamaso sindinkatha kumuuza, ndiye ndinkadzera mwa mwana wa mfumu."

Ndinafunsa ngati mtsikanayo anawalola.

"Anakwatiwa ndi woyendetsa thirakitala. Ine mpaka pano ndili ndekha. Koma inu anakuthandizani eti? Takhuta, zikomo ndithu, ndiye kuti sanapite pachabe."

Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikundilowa. Ndinauza mkazi wanga kuti ndamupatsa mawu achifumu, pamene ndinamupatsa mawu amene wogulitsa mtedza anawakana. Kusekedwa ndi alamu ndingapirire, ndinazolowera. Chimene ndikuopa ndi nkhope ya mayi a Thoko pamene mwana wa mfumu adzayambe kudandaula za phazi, anzawo onse akuwayang'ana. Chingerezi amachimva bwino kuposa ine. Zaka zonsezi akhala akunyadira nkhani imeneyi, ndipo sindikudziwa ngati pansi pake pali china chimene anandikondera.

Ndaganiza zonena kuti fulashi yagwidwa ndi vayirasi, koma Alick waitanidwanso ndipo adzadzipereka kubweretsa ina. Ndadzipeza ndikupemphera kuti magetsi adzazime, zimene sindinapemphererepo chibadwire. A Lorenso nawo adzipereka kuti atha kubwera, titsitse mawu a filimu, iwo atanthauzire ngati kale. Akuti jekete ali nalo. Kodi ndiwaitane? Kapena ndinene zoona? Ndikanena, ndiyambire pati?

K.M., Nsanje

Bambo K.M.,

Yambani mwadya. Munthu wanjala saganiza bwino, ndipo inu mumaganiza kale mopitirira muyeso.

Tsopano tione mlandu wanu uli pati, chifukwa ine ndaufunafuna m'kalata yonse sindinaupeze. Simunanamize mkazi wanu. Munamuuza zimene inuyo munkadziwa kuti n'zoona, ndipo munamuuza tsiku lomwelo, pamene amuna ambiri akanangokhala chete n'kulandira ulemu wa ndakatulo ya eni. Bodza loyamba pankhaniyi lingakhale la vayirasi lija. Musalinene. Mphunzitsi wa kupulayimale amamva mabodza a ana tsiku lililonse, ndipo lanu adzaligwira musanamalize chiganizo.

Zoti mawuwo ndi okanidwa zichotseni m'mutu. Jenipher sanakane mawu, anakana a Lorenso, mwinanso sanadziwe n'komwe kuti akulankhula naye. Malaya a pakaunjika akapanda kumukwana woyamba kuyesa sitinena kuti ndi oipa. Mayi a Thoko nawo sanalole mwana wa mfumu amene sanamuonepo. Analola munthu amene anali patsogolo pawo padepoti, thukuta lili kamukamu, akulankhula kondakitala akumvetsera.

Mukufunsa ngati pali china chimene anakukonderani. Yankho mwalemba nokha. Tsiku la madzi lija lonjezo linayesedwa, inu munasenza mapepala. Mkazi amene anakwatiwa ndi mawu akanapakira katundu madzi atangophwa. Anu anakusekani, akukusekanibe, ndipo akudyabe nanu mbale imodzi. Amakudziwani bwino lomwe kuti ndinu ndani. Nkhani ya pamlatho amaikonda chifukwa ndi ya inu awiri.

Chimene muyenera kuteteza ndi chimodzi chomwe mwatchula chija, kuti asadzadzidzimuke pamaso pa anzawo. Ndiye auzeni sabata ino, muli awiri, Thokozani atapita kosewera. Musayambe ndi mawu akuti "pali nkhani yovuta", mungawaganizitse za mwana wakunja. Nenani kuti mwaionera filimu ija ndipo mwapeza zoseketsa. Fotokozani zonse mmene mwandifotokozera ine, za maikolofoni, za benchi yachiwiri, za thirakitala. Kenaka muionere limodzi, inu awiri, mpaka pamlatho.

Akhoza kukhumudwa poyamba. Aloleni. Chinthu chimene munthu wachisunga zaka zambiri chikasintha maonekedwe, mtima umafuna mpata. Musawathamangire ndi mafunso oti akumva bwanji, ndipo musapepese kakhumi. Kamodzi n'kokwanira. Za alendo asankhe okha, poti anaitana ndi iwo. Akafuna kuti phwando lichitike, muime inu patsogolo filimu isanayambe, munene nkhani yonse ndi pakamwa panu. Munthu akadziseka yekha, alamu amasowa poyambira.

Ndipo filimuyo musaikwiyire. Inakusangalatsani muli mnyamata, yakusangalatsaninso pano. Taonaninso zimene zili pamlathopo. Mnyamata wakonza zoti anene, wafika pamaso pa mkazi, zonse zamuthawa, ndipo mkaziyo akumulandira choncho. Kodi si inu ameneyo padepoti ya Bangula? Ine ndikuona kuti filimu yeniyeniyo ikukufananani kuposa ya a Lorenso.

Chinthu china. Mayiwa akhala ndi mawu obwereka nthawi yaitali, tsopano apatseni anu. Asakhale ambiri, ndipo musawayesere pagalasi. Ngakhale mutangonena kuti tsiku la madzi lija munali ndi mantha, ndipo munkatembenuka kuona ngati akubwera, adzawasunga kuposa mapira aja, malinga zikhale zoona.

Chenjezo langa lili pa a Lorenso. Aimbireni foni muwathokoze, mugulenso chitenje kwa iwo ngati mukufuna. Koma musawaitane kunyumba kwanu, ndipo musawapatse maikolofoni. Munthuyo ndi wosakwatira, jekete ali nalo, ndipo mawu ake anagwirapo kale ntchito pa akazi anu.

Aphungu