Magazi a Saidi wa ku Nkaya

Lachinayi, February. Tsiku lowawa.

Funso langa ndi ili: kodi Saidi, mwana wa ku Nkaya, akufooka chifukwa cha vuto la jini (malangizo a chibadwa) yopanga puloteni ya mu ribosomu (makina opangira mapuloteni) ya mitokondiriya, tizigawo ta selo topanga mphamvu? Kuti zoyeza magazi ake zituluke zolondola, ndinauza amayi ake, monga mwa lamulo, kuti abwere naye mawa asanadye kanthu.

Amayiwo anati: "Iyayi adokotala, tengani lero lomwe. Chimwereni phala la madeya dzana, sanalawenso china."

Magaziwo ndinatenga, maso ali pansi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuphunzira jini imeneyi. Nanga chaka cha njala chino ndidzasiyanitsa bwanji selo lolephera kupanga mphamvu ndi selo losowa chopangira mphamvuyo?