Phazi Lamanzere la Bambo

Lolemba, 9 Juni

Sabata ino fomu 3 ndikuiphunzitsa mmene maselo amapezera mphamvu. Pa bolodi: shuga akakumana ndi okosijeni m'kati mwa selo, mphamvu zambiri zimatuluka, zotsala ndi madzi ndi mpweya woipa. Okosijeni akasowa, selo silifa pomwepo. Limaphwanyabe shuga, koma mphamvu zake zochepa kwambiri. Choko chandithera pakati pa phunziro.

Kunyumba ndapeza Bambo atangokhala pa makina awo osokera, diresi la kasitomala lili theka. Akuti akupumitsa lamba wa makina.

Lachiwiri, 10 Juni

Botolo, madzi ofunda, shuga, yisiti, baluni pakamwa pa botolo. Belu lisanalire, baluni yafufuma. Kafungo ka mowa kalasi yonse. Mtsikana wina wakumbuyo anafunsa, "Madamu, ndiye ifenso tikathamanga kwambiri timafulula mowa m'miyendo?" Kuseka kwake anawo. Ndinati ayi, mowa ndi wa yisiti. Minofu yathu ikapereweredwa okosijeni imapanga asidi wa lakitiki, ndipo akatumba amayamba kuwotcha mpaka munthu aime.

Mawuwo ali m'kamwa, ndinakumbukira Bambo. Kupalasa makina pang'ono, kuima, kutikita katumba. Popita ku golosale, kuimaima ngati akuwerenga zikwangwani. Munthu woti sathamanga n'komwe. Okosijeni akusowa bwanji m'mwendo wa munthu woyenda pang'onopang'ono?

Lachinayi, 12 Juni

Ndawakakamiza kuvula sokosi. Phazi lamanzere lozizira ngati chitsulo, lotuwa. Pa chala chaching'ono pali kachilonda kakuda. Akuti ndi nsapato. "Mwana wanga, sayansi yakoyo uziisiya kusukulu." Fodya m'thumba la malaya ngati kale lonse.

Ndaimbira achimwene. Akuti ndi ukalamba chabe, ndiwagulire mafuta opaka. Iwo ali kutali, phazilo sanaligwire.

Loweruka, 14 Juni

Za kuchipatala Bambo akana. Diresi, mayunifomu a ana a aneba, buluku la munthu wina. Akuti makasitomala sadikira wodwala.

Ali kosamba, ndachotsa lamba wa makina n'kuuika m'chikwama changa cha kusukulu. Aufunafuna, kenako andiyang'ana. Sanafunse. Tsiku lonse osandilankhula. Chakudya adyera kuchipinda.

Lolemba, 16 Juni

Tapita kuchipatala. Mzere wautali, benchi yolimba. Dokotala wamkazi, wamng'ono kwa ine. Anaika kachipangizo komvetsera magazi pa phazi lamanja: phokoso ngati mpope. Lamanzere: zii, kenako kaphokoso kofooka patalipatali.

Mtsempha waukulu watsekeka pamwamba pa bondo. Magazi akungodontha, okosijeni sakufika. Atayamba kufotokoza zomwe minofu imachita ikakhala choncho, ndinangogwedeza mutu. Zonsezo ndinalemba ndekha pa bolodi. Zimene sindinauzepo ana n'zoti njira yachiwiriyo, yophwanya shuga popanda okosijeni, ili ndi malire. Selo silingakhalire yomweyo mpaka kalekale. Maselo a chalacho adutsa kale malirewo.

Chala sichipulumuka. Phazi mwina, ngati atsegula mtsempha sabata yomwe ino. Bambo anafunsa chimodzi chokha: "Ndidzapalasanso makina?" Dokotala anati sangalonjeze. Awagoneka.

Lachitatu, 18 Juni

M'mawa kusukulu, masana ku wodi. Ana alemba mayeso aafupi. Ambiri asokoneza kupuma kwa m'mapapo ndi kwa m'maselo, ngati chaka chatha. Ndachonga mapepala ochepa, ena onse ali m'dirowa. Ahedi andilola kupuma mpaka sabata yamawa.

Achimwene afika. Nesi atatsegula bandeji, iwo anayang'ana kamodzi n'kutuluka kukaima panja. Za mafuta opaka sanatchulenso. Inenso ayi.

Bambo ayamba kundilankhula, koma zokhazo zofunika. Madzi. Pilo. Ukauze mwini diresi.

Lachisanu, 20 Juni

Opaleshoni. Zala ziwiri zapita, chaching'ono ndi choyandikana nacho. Mtsempha autsegula. Atuluka ali ndi chipulasitiki cha okosijeni kumphuno, nkhope yaing'ono, milomo youma. Dokotala akuti tidikire, phazi lidzanena lokha.

Sindinadye. Achimwene anandigulira nthochi, zili m'chikwamamo.

Lachitatu, 25 Juni

Phazi latsala. Lafunda, khungu layamba kubwerera. Dokotala akuti fodya asadzamuyandikirenso. Akuti bala likapola ayenera kumayenda mpaka mwendo upweteke, apume, ayambirenso, kuti magazi azolowere timitsempha tating'ono. Za makina palibe akunena.

Bambo akukalipira aliyense. Nesi, achimwene, ngakhale wodwala mnzawo wa bedi loyandikana.

Lero aimirira koyamba. Ndodo imene achimwene agula aikana. Anagwira mkono wanga. Chibadwire changa sanatsamirepo pa ine, ndipo sindimadziwa kuti apepuka chonchi. Tinafika pa zenera, thukuta kamukamu, tinaima. Akuyang'ana panja anati, "Ndimadziwa kalekale kuti mwendowu suli bwino. Ndimaopa. Mchimwene wakoyo usamuuze."

Ndinangowagwiritsitsa.

Akundiitananso. Akufuna nsapato, yakumanja yokha, akuti ulendo uno tikafike pa khomo la wodi. Sindikudziwa komwe achimwene anaiika, pansi pa bedi palibe, mwina ili m'kabati.