Akuti Ulowe, Chithunzi Chakhala Bwino

Wokondedwa mlongo wanga Pomwepo,

Choyamba ndifunse za moyo wako pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Chifuwa chinkavuta kamtsikana kako chija chinatha? Ife kuno tikudzuka. Alamu ako bondo lija likuwavutabe, koma pakamwa ndi pabwinobwino, kulankhula sanachepetse. Ine makina osokera andipinda msana, poti ino ndi nyengo ya mayunifolomu.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni iwe umafunsa za Amayi, ine n'kuyankha kuti ali bwino, basi tayamba za sukulu ya ana. Nkhani ndili nayoyi singakwane m'mawu awiri amenewo. Usakwiyenso ndi dzina ndalemba pamwambali. Ndikudziwa kuti kuntchito kwako anthu amaimirira ukamalowa, koma ukafika kumapeto uona chimene ndalifukulira.

Ukukumbuka mmene unalipezera? Tivi ikayamba kuonetsa mpunga m'malo mwa chithunzi, malemu Ababa ankakutuma kuseri kwa nyumba kukapotokola mlongoti wa eriyo, ife tili pazenera kukuwa kuti pang'ono, wapitirira, bwerera, pomwepo. Ukangousiya kuti uthamangire m'nyumba, mphepo inkautembenuzanso. Mpira wambiri unauonera m'makutu, manja ali pachitsulo. Ine ndinkakuseka, ndili phee pampando wako.

Zoti Amayi akuiwalaiwala ukuzidziwa kale. Chimene sindinakuuze bwino n'chakuti nyumba ndiyo inkawagwira. Masiku ankawasokoneza, mayina a zidzukulu ankawasinthanitsa, koma pabalaza sankasochera. Madzulo alionse ankachotsa kansalu koluka kaja pamwamba pa tivi, n'kutsegula zitseko zake zamatabwa, n'kudina batani, kenaka n'kukhala pansi kudikira kuti itenthe. Ankatero ngakhale tsiku limene aiwala kuti adya kale.

Za kusintha kwa kaulutsidwe ka kanema ankalengeza ndithu, kuti njira yakale aitseka ndipo kukubwera ya dijito. Ife tinkangoti tidzaonera konko. Ndiye tsikulo linafika. Amayi anatsegula zitseko, anadina batani, pagalasi mpunga wokhawokha ndi phokoso ngati mvula pamalata. Anatembenukira kuzenera n'kunena kuti wina akuitane ukapotokole. Alamu ako anapita kuseri ndi bondo lawolo, anazunguza mlongoti mpaka thukuta, koma kunalibe choti agwire.

Ndi sabata imeneyo imene tinalankhulana. Iwe unati ukhoza kupempha tchuthi ubwere udzaone. Ine ndi kamwa langali ndinakuyankha kuti munthu sayenda ulendo wautali chonchi chifukwa cha tivi, ungotumiza yatsopano. Mawu amenewo akanakhala omezeka ndikanawameza. Sindinafunsenso munthu aliyense ngati yakaleyo ingathandizike. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndalidya ine.

Yatsopano ija inafika bwinobwino, yopyapyala ngati thireyi, ndipo zikomo sindinaiwale. Tinaikhoma pakhoma, aneba anabwera kudzaiyamikira. Yakaleyo ndinaona kuti ikungodya malo, ndinaipereka kwa Amake Mapasa a kuseri kwathu aja, amene sakana chinthu. Ndinakolopa pakona paja, ndinaikapo duwa lapulasitiki, ndikudzitama kuti pabalaza payera.

M'mawa mwake Amayi anandipatsa moni mwaulemu wodabwitsa. Ananditchula kuti mayi, anandifunsa ngati ndadzuka bwino pamodzi ndi abambo a pakhomo pano, ndipo anathokoza kuti tawasunga bwino. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Koma tiyi atamwa anakalongedza zovala m'chikwama chawo chakuda chija, n'kukhala m'mphepete mwa mpando, chikwama pamiyendo, ngati munthu wodikira pachipatala.

Ndinawayatsira tivi yako. Anaiyang'ana mwaulemu womwewo n'kunena kuti tili ndi zinthu zokongola pakhomo pano. Rimoti ndinawapatsa, iwo anaipukuta ndi nsalu n'kundibwezera ndi manja awiri, akuti zinthu za eni ake sagwiragwira. Mlongo wanga, m'nyumba imene anamanga ndi Ababa, Amayi anayamba kupempha chilolezo chopita kuchimbudzi.

Zinapitirira choncho. Chakudya ankangotola pang'ono poopa kutimalizira. Dzuwa likapendeka ankatsanzika, ife n'kumawanyengerera kuti agone, adzapita mawa. Tsiku lina ndili pamakina ndinangoona chitseko chili pululu. Ndinathamanga msewu wonse wopanda nsapato. Anawapeza ndi wometa wa pakona uja, ataima pamalo okwerera basi ndi chikwama chawo. Akuti anamuuza kuti kumene akuchokerako ndi kwa anthu abwino, koma si kwawo, kwawo kuli tivi ya zitseko ndipo ana atsala okha.

Wometayo atandifotokozera zimenezi, ndinawatenga Amayi n'kubwerera nawo kunyumba. Ndinazindikira kuti chimene ndinatulutsa m'nyumba muja sichinali chibokosi chakufa ayi. Ndinachita manyazi, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiye ndinapita kukagogoda kwa Amake Mapasa.

Tivi ija ndinaipeza pakhonde, ataisandutsa poikapo ndowa zamadzi. Chitseko chimodzi chinali chitafufuma, kumbuyo kwake mphemvu zitamanga mudzi. Mayiyo sanavute. Anangonena kuti aka n'koyamba kuona mphatso yobwera ndi miyendo yobwererera, kenaka anandibwereka wilibala ndi mtsamiro woti ndiike pansi pa galasi.

Ndinaikankha mpaka kwa a Mawaya, okonza mawailesi aja. Ukuwakumbuka, ankabwera kwa Ababa kudzabwereka makwerero. Akadali m'kachipinda komwe kaja kuseri kwa ogulitsa matayala, kungoti tsopano muli mdima chifukwa mativi akale aunjikana mpaka kutseka zenera. Akuti eni ake anawabweretsa sabata ya mpunga ija, ndipo palibe amene anabwereranso kudzafunsa. A Mawayawo magalasi awo amaso anawamanga ndi waya, patebulo pali kalilole wosweka amene amaonerapo chithunzi iwo ali kumbuyo kwa tivi.

Ataitsegula anandikalipira kuti ndisayandikize chala, akuti zinthu zimenezi zimasunga magetsi m'mimba ngakhale zitazimitsidwa, ngati munthu wosunga mangawa. Anaipemerera, anaiumitsa, anasintha tizinthu tina timene madzi anawononga. Atayatsa, mpunga uja unabwera. Ine ndinagwa mphwayi, koma iwo anasangalala, akuti mpunga ndiwo umboni wakuti ili moyo.

Anandifotokozera kuti tivi yathu sinafe, kungoti a kanema anasintha chilankhulo, ndiye ikufunika womasulira. Womasulirayo ndi kabokosi kotchedwa dekoda, kamene kakupezeka m'sitolo zambiri. Akuti ndikanabwera tsiku loyamba lija, Amayi sakanagona ngakhale kamodzi osaonera. Sanandinyoze, anangonena akupukuta magalasi awo, koma zinandilasa.

Ndinakagula dekodayo n'kubwera nayo ndikumwetulira. Titaitulutsa m'katoni, ili ndi mawaya atatu, wachikasu, wofiira ndi woyera. Tivi ya Ababa kumbuyo kwake kuli bowo limodzi lokha, la eriyo. Ndinakhala pa tivi ya munthu wina n'kugwira kumutu.

A Mawaya anandiuza kuti ndisalire msanga. Anasuntha katundu wawo n'kutulutsa deki yakale ya matepi a filimu, yoti kudya tepi inasiya kalekale. Akuti imeneyo ikhala mkhalapakati: dekoda izilankhula ndi deki kudzera m'mawaya atatu aja, deki izilankhula ndi tivi kudzera pabowo la eriyo. Anatsegula kachitseko ka pansi pa mabatani a tivi, n'kumazunguza timagudumu tochunira ta m'menemo pang'onopang'ono, diso lili pakalilole. Mpunga unayamba kuchita mizere, mizere inasanduka munthu wovala tayi.

Nditawauza kuti Amayi amadina batani lililonse limene chala chafikira, anaganiza kaye. Kenaka anachuna mabatani onse kuti aziloza kudeki, kotero kuti adine pamwamba kapena pansi, chithunzi chizibwera chomwecho. Chitseko chofufuma chija anachipala, koma sichitsekeka bwino mpaka lero, ndipo pakona imodzi ya galasi nkhope za anthu zimaoneka zobiriwira. Zimenezo akuti ndi za madzi aja, sizidzatha. Ndikaziona ndimadziwa mwini wake wa mlanduwo.

Tinaibwezera pakona pake pomwe paja. Dekoda ndi deki tinazibisa kuseri kwa kabati, waya wa kumlongoti tinaulumikiza kudekoda, rimoti imakhala m'thumba la epuloni yanga. Yako ija tinaisamutsira kuchipinda kwathu. Usadandaule, alamu ako akuisamalira kuposa mmene amandisamalira ine.

Amayi anatulukira kuchipinda madzulo, chikwama m'manja, okonzeka kutsanzika. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenaka anaika chikwama pansi, n'kundifunsa mokalipa kuti iwe, wachotsa kansalu pa tivi ndani, nanga chitsekochi wachiwononga ndani. Ananditchula kuti iwe. Chibadwire sindinakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo.

Anatsegula zitseko, anadina batani, anakhala pampando wawo mpaka kutsamira. Tivi itatentha chithunzi chinabwera choyera, chosagwedera, choti sitinachionepo m'nyumba muno. Ine mumtima ndinati nkhani yatha.

Koma Amayi anatembenukira kuzenera, n'kukweza kamawu kawo kaja kuti pomwepo. Atatero anandiuza kuti ndikuuze ulowe, chithunzi chakhala bwino.

Ndinawafotokozera kuti iwe uli kutali kuntchito, uli ndi mkazi ndi ana. Anandiyang'ana ngati woiwalaiwala ndine. Anandifunsa kuti ngati uli kutali, nanga wagwira mlongoti ndani. Akuti iwo tivi imeneyi amaidziwa, chithunzi sichikhala phee chonchi popanda munthu kuseri. Za dijito ndikanaziyamba pati?

Kuyambira tsiku limenelo ndi zomwezo madzulo alionse. Kuthawa anasiya, kudya akudya, chikwama chinabwerera pansi pa bedi. Koma kuonera saonera ndi mtendere. Amasuntha n'kusiya malo pambali pawo, maso ali kuzenera. Pakapita kanthawi amatinena kuti ndife ouma mtima, tikusangalala mwana ali panja. Kenaka amadzuka n'kuzimitsa okha tivi kuti ulowe, n'kukhala pansi kuyang'ana chitseko cha kukhitchini.

Alamu ako anayesa nzeru zawo. Anazungulira kuseri, n'kulowa akupukuta manja ngati achoka pachitsulo. Amayi anawapatsa moni bwinobwino n'kuwafunsa ngati anakuona iwe kunjako. Tsiku la mvula Amayi ndinawagwira ali pakhomo ndi ambulera, akuti akubweretsere. Ndinawatengera kuseri kuti aone okha kuti kulibe munthu, iwo anati wathawira kumpira poopa Ababa, ubwera posachedwa.

Adokotala anandiuza mosabisa kuti matendawa sabwerera m'mbuyo. Amene akumudziwa lero, mawa akhoza kumupatsa moni wa mlendo. Ine ndemwe masiku ena ndimakhala mwana wawo, masiku ena mayi wosoka. A Mawaya nawo akuti galasi la tivi yathu latopa, ndipo lina lotere sadzalipeza. Sindikudziwa chimene chiyambe kuzima.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndikupempha ngati mkulu wako amene analakwitsa kukuletsa. Usatumize kanthu. Katundu m'nyumba muno wakwana. Tchuthi chimene unkafuna kupempha chija, kapemphe tsopano.

Ukafika usadzagogode kumaso ndi masutikesi ngati mlendo wa boma. Udzandiimbire uli pakona, alamu ako adzalandire katundu. Iwe udzazungulire kuseri, udzaime pamlongoti mpaka udzamve akuitana, kenaka udzalowere chitseko cha kukhitchini. Sindikulonjeza kuti adzakuzindikira ndi dazi lakolo ndi mimba imene ndinaiona pachithunzi ija. Nthawi imene unkafuna kubwera ija akanakuzindikira mosakayika, ndipo zimenezo zimandiwawa tsiku lililonse. Madzi akatayika saoleka, koma otsala m'ndowa tisawatayenso.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti diresi lake ndinalimaliza, likudikira wodzalitenga. Ana uwapsompsone m'malo mwa azakhali awo. Alamu ako akupereka moni, a Mawaya nawonso akuti makwerero a Ababa akadali nawo. Mulungu akusunge, akutsegulire njira kwa mabwana ako, ndipo akuyendetse bwino pamsewu.

Ndikumaliza kulemba dzuwa likupendeka, ndipo ndikumva zitseko za tivi zikutsegulidwa pabalaza. Pakangopita kanthawi andituma. Lero ndiwayankha kuti uthenga ndapereka.

Wagwira mokwanira, mlongo wanga. Amayi akuti ulowe.

Ndine mlongo wako,
wokuwa pazenera uja