Eyisi ya Masipedi ndi Apongozi Anga

Lolemba, 3 Juni

Adokotala ati mayi a kunyumba agone, asamayendeyende mpaka mwana abadwe. Apongozi kumva zimenezo, funso loyamba: "Nanga Loweruka ndisewera ndi ndani?" Ku briji, masewera awo a makadi aja, amasewera awiriawiri, ndipo mnzawo wa masiku onse ndi mwana wawoyu. Anayang'ana m'nyumba monse, ngakhale mphaka, kenako ine. "Basi, inu nomwe bambo."

Lachitatu, 5 Juni

Masana onse ndimaphunzitsa anthu galimoto, kukalipira opondereza mafuta. Madzulo wokalipiridwa ndine.

Tayeserera patebulo la kukhitchini. Notirampu atatu: pa masipedi, mitima, madayamondi ndi makalabu palibe mtundu wa makadi wodula unzake, ndipo ndiyenera kudya mathiriki, ndiye kuti maulendo oponya makadi, asanu ndi anayi. Sipedi itangogwa ndaponya eyisi, phaa! Adani, omwe apongozi amawasewerera, atapeza mpata andikhuthulira masipedi onse. Apongozi: "Eyisi imakuwotchani m'manja? Werengani kaye, dzanja libwere pambuyo."

Lachinayi, 6 Juni

Ndagwanso. Akuti mwana wawo anakwatiwa ndi nkhuku yothamangira chimanga.

Lachisanu, 7 Juni

Mayi a kunyumba andinong'oneza kuti maso a apongozi akutha. Kwini ndi kingi amazisiyanitsa ndi ndevu, nazonso zayamba kusowa. Mpikisano wa Lowerukawu ndi wawo womaliza, koma sakufuna anthu a ku kalabu adziwe, makamaka a Chozulamano, dotolo wa mano wopuma uja, amene amawagonjetsa chaka ndi chaka. Ndatenga makadi, ndayala pabedi, mkazi wanga akuseka mpaka mimba kugwedera.

Loweruka, 8 Juni

Holo ya kalabu, fani yolira ngati injini yakale, mipando yoluma. Gemu yomaliza, a Chozulamano kumanzere kwanga, mlongo wawo kumanja. Apongozi andikankhira ku notirampu atatu, ayala makadi awo patebulo kuti ndiwasewere ine, apinda manja. Woyala saloledwa kulankhula. Mulungu alipo.

A Chozulamano atsogoza sipedi. Ine ndili ndi eyisi ndi tiwiri tachabechabe, patebulo tiwirinso. Dzanja linanyamuka lokha, ndinalikhalira. Kuwerenga zomwe ndingadye mosavuta: sipedi imodzi, mitima iwiri, madayamondi awiri, eyisi ya makalabu. Zisanu ndi chimodzi. Zitatu zotsalazo zili m'makalabu a apongozi, koma kingi wa makalabu sakuoneka. Akakhala kwa mlongoyo adya kamodzi, ndiye pofika nthawiyo mlongoyo akhale alibe sipedi yobwezera mchimwene wake.

Sipedi yoyamba ndaisiya. Yachiwiri ndaisiyanso. A Chozulamano: "Mkamwini wanu wagona, mayi?" Yachitatu ndadya ndi eyisi. Ndaponya kalabu, patebulo ndaitana jeki. Mlongo uja watulutsa kingi, wadya. Thukuta mpaka m'masokosi. Wasanthula makadi ake, wasanthulanso, wayang'ana kudenga. Sipedi alibe! Waponya khadi ya mtima, ine ndakolola zanga zonse, a Chozulamano akutaya masipedi awo abwinobwino limodzilimodzi ngati mano ovunda.

Tapambana ndi pang'ono penipeni. Polandira chikho apongozi anagwira mkono wanga, anthu nkumati ndi chikondi. Amafuna ndiwauze pamene pali sitepe.

M'galimoto ndimadikira kuyamikiridwa. Iwo: "Yachiwiri ija munachedwa nayo kuganiza. Komanso chepetsani liwiro."

Lamulungu, 9 Juni

M'mawa ndikukolopa, kugogoda. Apongozi, kachikwama m'manja. Mayi a kunyumba akuitana kuchipinda, "Amayi, mwabwera kudzandiona?"

"Iwe gona."

Akhala patebulo la kukhitchini, atulutsa makadi atsopano a zilembo zikuluzikulu, aja ogulira anthu osaona bwino. Awayang'ana kanthawi, kenako andikankhira.

"Mukauza munthu, ndikuthyolani. Gawani, mwana wanga."