Galimoto ya Mipando Iwiri

Mbamba Bay

Alamu a Harrison,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dar es Salaam konko, poti mpaka mukupeza nthawi yosokoneza mabanja a eni. Ife kuno tadzuka, ana akupita kusukulu.

Galimoto yamakedzana yothamanga ija munasankhira mng'ono wanu Tiyezge inafika, itakwera lole ngati wodwala. Ndi yofiira ndithu, denga ilibe, ndipo kuti ibwere anagulitsa injini ya boti lathu. Munamuuza kuti ilibe dzimbiri chifukwa yakhalitsa kugombe kotentha. Alamu, poti munakulira pa nyanja yopanda mchere, mukuyesa madzi onse ndi amodzi? Fundi Evarist, makaniki wathu kuno, atagogoda kunsi kwake ndi sipanala, sipanalayo inatulukira mkati. Mchere wakwanuko unadya kale chitsulo chonse, ife mwatitumizira penti.

Panjira ya ku Ngumbo imakhula mimba pa mwala uliwonse. Ngakhale dengu la usipa silikwanamo. Boti lili gone pamchenga, anzake akuwedza, mwamuna wanga Tiyezge ali kalikiliki kupukuta magalasi.

Koma chandilembetsa si chimenechi. Galimotoyi ili ndi mipando iwiri basi, chonsecho m'nyumba muno tilimo asanu. Ine pa mpando winawo sindinakhalepo. Amayi ena a ku Kihagara akuti mpandowo sukhala wopanda munthu, makamaka ikachoka pa duka, sitolo ya mtsikana wina dzina lake Editha. Akutinso posankha mtundu wofiirawo simunali nokha, Edithayo analipo. Sindinena zambiri.

Mubwere mudzaitenge Khirisimasi isanafike. Mukachedwa mudzaipeza pansi pa nyanja. Musadandaule, madzi athu sadya chitsulo.

Ndine mlamu wanu,
Veronika